Bomba la ku Hiroshima: analiponyeranji, ndipo linapha anthu motani?

Aphunzitsi ena a mbiri yakale pa sekondale ina ku Zomba atilembera imelo, ndipo tikaidula ikuti: "Agogo anga anali msilikali wa KAR, anamenya nkhondo ku Burma. Ankakonda kunena kuti chipanda bomba lija America inaponya ku Japan, mafupa awo akanatsala kutchire komweko. Ana a m'kalasi akandifunsa ndimasowa pogwira. Kodi n'zoona kuti bombalo ndi limene linathetsa nkhondo? Linapha bwanji anthu ochuluka chotere? Nanga bwanji lero ku Hiroshima kukukhala anthu, chikhalirecho timamva kuti poizoni wake amatha zaka masauzande? Komanso yureniyamu wa ku Kayelekera angapange bomba?"

Aphunzitsi, tiyambe ndi agogo anuwo. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi anzawo a ku Northern Rhodesia, analowadi m'chigwa cha Kabaw mu 1944, nthawi ya dzinja, m'matope ndi malungo. Munthu amene waona zoterozo, n'kumva kuti nkhondo yatha patangopita masiku 9 bomba litaponyedwa, simungamutsutse. Koma zimene zinkachitika ku Washington ndi ku Tokyo msilikali wa kutchire sankaziona.

Bombali poyamba sanalipangire Japan ayi. Mu Ogasiti 1939 Albert Einstein anasaina kalata imene anakonza ndi wasayansi mnzake Leo Szilard, yochenjeza Pulezidenti Roosevelt kuti Germany ya Hitler ingayambe kupanga chida chotere. Mantha amenewo ndi amene anabala Manhattan Project, ntchito ya America yopanga bombali, mu 1942, pansi pa General Leslie Groves ndi wasayansi J. Robert Oppenheimer. Inadya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni a nthawi imeneyo, ndipo pachimake inalemba ntchito anthu oposa 120,000. Germany inagonja mu Meyi 1945 bomba lisanapsye. Analiyesa pa 16 Julayi m'chipululu cha New Mexico, linaphulika, ndipo mdani wotsala anali mmodzi.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Timaganiza kuti Pulezidenti Truman anakhala pansi usiku wonse n'kumasinkhasinkha kuti aponye kapena asaponye. Zolembedwa za nthawiyo zikuonetsa kuti akuluakulu ankakambirana za kuti aponye kuti, liti, ndiponso aphulitse pamwamba bwanji. Truman analowa pampando pa 12 Epulo 1945 Roosevelt atamwalira, ndipo anapeza ntchito ili kumapeto. Lamulo limene linapita kwa asilikali a ndege pa 25 Julayi linati bomba loyamba liponyedwe nyengo ikangolola kuyambira cha pa 3 Ogasiti, ndipo ena aziponyedwa akangokonzeka. N'chifukwa chake Nagasaki inapsa patangopita masiku atatu popanda wina kukhalanso pansi. Pa 10 Ogasiti m'pamene Truman analamula kuti lachitatu lisaponyedwe iye asanavomere.

Chifukwa chimene boma la America linapereka ndi chopulumutsa asilikali ake, ndipo sichinali chabodza. Pa kachilumba ka Iwo Jima anataya amuna pafupifupi 6,800. Ku Okinawa anafa oposa 12,000, kumbali ya Japan kunafa asilikali pafupifupi 100,000, osawerengera anthu wamba miyandamiyanda. Dongosolo linali loti pa 1 Novembala akocheze pa chilumba cha Kyushu ku Japan kwenikweniko, ndipo mauthenga a Japan amene ankawatchera ankaonetsa kuti asilikali akuunjikana komweko. Koma chiwerengero chotchuka chija, chakuti ofa ndi ovulala akanafika miliyoni, chinafala ndi nkhani imene Henry Stimson, amene anali nduna ya zankhondo nthawi ya bombali, anasindikiza mu 1947 poteteza zimene zinachitika. Pa msonkhano wa pa 18 Juni 1945, General Marshall, mkulu wa asilikali a America, anatchula ofa ndi ovulala 31,000 m'masiku 30 oyamba. Ana anu adziwe kusiyana kumeneku.

Chinanso n'chakuti kupha anthu wamba kunali kutazolowereka kale. Usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 1945, ndege za America zinatentha Tokyo ndi mabomba a moto, ndipo panafa anthu pafupifupi 100,000 usiku umodzi. Pofika Ogasiti mizinda yoposa 60 inali phulusa. Hiroshima anaisunga dala osaiphulitsa, kuti mphamvu ya chida chatsopanocho idzaoneke bwino pa mzinda wosagumuka. Kyoto inali pamndandanda, Stimson ndi amene anaichotsapo.

Ndiye panali Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union. Pa msonkhano wa ku Yalta analonjeza America ndi Britain kuti adzalowa nkhondo yolimbana ndi Japan pakapita miyezi itatu Germany itagonja. Anthu ngati James Byrnes, nduna yoona zakunja, ankafuna nkhondo ithe Soviet Union isanalande gawo lalikulu la Asia, komanso kuti Moscow ione chimene America ili nacho m'manja. Otsutsa analipo. Gulu la asayansi lotsogozedwa ndi James Franck linapempha mu Juni kuti bomba liphulitsidwe pamalo opanda anthu, dziko lonse likuona. Szilard anasonkhanitsa masiginecha 70 a anzake, koma chikalatacho sichinamupeze Truman nthawi isanathe.

Kodi tsono linathetsa nkhondo? Tsatani masiku. Hiroshima inapsa pa 6 Ogasiti. Bungwe lalikulu la anthu 6 loyendetsa nkhondo ku Tokyo silinakumane mpaka pa 9, m'mawa umene asilikali a Soviet Union analowa mu Manchuria, dera la China limene linali m'manja mwa Japan. Kufikira pamenepo Japan inkadalira kuti Moscow ikhala mkhalapakati kuti agonje mwaulemu, ndipo chiyembekezo chimenecho chinafa tsiku lomwelo. Uthenga wa Nagasaki unawapeza ali mkati mokambirana, koma anagawanikabe atatu uku atatu uku. Mfumu Hirohito ndi imene inadula mlandu usiku umenewo, kuti agonje bola ufumu usathe. Polankhula pa wailesi pa 15 Ogasiti inatchula bomba latsopano lankhanza. M'uthenga wopita kwa asilikali pa 17 Ogasiti inatchula kulowa kwa Soviet Union. Ife timaona kuti ziwirizi zinagwira ntchito limodzi, ndipo amene amati ndi bomba lokha, kapena Stalin yekha, akungosankha mbali imene ikumukomera. La Nagasaki ndiye n'lovuta kuliikira kumbuyo.

Tibwere ku bomba lenilenilo. Pakati pa atomu ya yureniyamu wa mtundu wa 235 pakagundidwa ndi kanthu kotchedwa nyutironi, atomuyo imang'ambika pawiri, imatulutsa kutentha, n'kutayanso manyutironi awiri kapena atatu amene amakang'amba maatomu ena. Awiri amabala anayi, anayi amabala 8, ndipo mibadwo pafupifupi 80 yotere imatha m'kagawo kamodzi ka magawo miliyoni a sekondi. Bomba la ku Hiroshima, lotchedwa Little Boy, linali ndi yureniyamu wolemera makilogalamu 64, kuposa pang'ono thumba la chimanga. Amene anang'ambika sanakwane kilogalamu imodzi, wotsalayo anangomwazika. Kilogalamu yosakwanayo inatulutsa mphamvu yofanana ndi matani 15,000 a TNT, kunena kwake mathiraki 500 a matani 30 odzaza onga wophulitsira miyala, onse n'kuphulika kamodzi. La ku Nagasaki, Fat Man, linali ndi pulutoniyamu wa makilogalamu 6 okha, kukula ngati lalanje lalikulu, koma linafika matani 21,000.

Ndege ya B-29 yotchedwa Enola Gay, woyendetsa wake Paul Tibbets, inanyamuka pa chilumba cha Tinian ndipo inaponya bomba nthawi ya 8:15 m'mawa. Analitchera kuti liphulike lili m'mwamba, mamita pafupifupi 600, chifukwa likaphulikira pansi mphamvu yambiri imathera pokumba dzenje. Mphamvu ya bomba lotere imagawika motere: theka ndi chimphepo chogumula, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi kutentha, yotsalayo ndi cheza chosaoneka chija madokotala amati radiation.

Chimayamba kufika ndi kuwala. Pansi penipeni pa bomba kutentha kunafika madigiri 3,000 mpaka 4,000, pamene chitsulo chimasungunuka pa 1,500. Kutentha kumeneku kumatha m'masekondi ochepa ndipo kumayenda mowongoka ngati kuwala kwa dzuwa, choncho chilichonse chotchinga chimathandiza. Amayi ena anapsa motsatira maluwa a zovala zawo: pamene nsalu inali yakuda panamwa kutentha khungu n'kupsa, pamene inali yoyera panatsala. Pa masitepe a mwala a banki ya Sumitomo, mamita 260 kuchokera pakati, panatsala chithunzithunzi chakuda cha munthu amene anakhala pansi kudikira kuti atsegule. Anthu amene anali panja pa mtunda wa makilomita atatu anapsabe khungu losavala.

Kenako chimphepo. Nyumba za matabwa zonse za mkati mwa makilomita awiri zinagwa, anthu ali momwemo. Magalasi a mawindo anasanduka mipaliro, ndipo patapita zaka zambiri madokotala ankachotsabe zidutswa m'matupi a opulumuka. Nthawiyo inali ya kadzutsa, mbaula zamakala zili moto m'makhitchini. Nyumba zitagwera pa mbaulazo, timoto masauzande tinalumikizana n'kukhala chimoto chimodzi chokoka mphepo kuchokera mbali zonse, ndipo chinanyeketsa malo okwana masikweya kilomita 11. Ambiri amene anafa tsiku limenelo sanaphedwe ndi cheza. Anapanikizidwa ndi mitengo ya denga, ali moyo, moto n'kuwapeza abale awo akulephera kuwasolola. Mapaipi a madzi anali ataduka paliponse, mipopi yozimitsira moto inalibe mphamvu. Hiroshima ndi mzinda wa mitsinje, pamathiriro a mtsinje wa Ota, ndipo opsa anathamangira m'madzi n'kumira momwemo. Ana a sukulu masauzande anali panja m'mawa umenewo, atatumidwa kukagumula nyumba kuti apange mipata yotchinga moto, ndipo oposa 6,000 mwa iwo anafa.

Mfundo imene ife timaiona kuti ndi mutu wa nkhani yonse ndi iyi: bomba lotere limapha ovulala ndi owathandiza nthawi imodzi. Mwa madokotala pafupifupi 300 a mumzindawo, 270 anafa kapena kuvulala. Mwa anamwino 1,780, okwana 1,654 anafa kapena kuvulala. Zipatala 42 mwa 45 zinaleka kugwira ntchito. Tsono taganizani zimene munthu mmodzi wopsa amafuna. Wolemera makilogalamu 60 amene wapsa magawo 40 pa 100 a thupi amafunika madzi a diripi pafupifupi malita 10 tsiku loyamba lokha, kuwonjezera apo mankhwala opha ululu, opha tizilombo, mabandeji osintha tsiku ndi tsiku, mwinanso magazi. Chulukitsani ndi anthu 50,000. Palibe dziko, ngakhale lolemera chotani, limene lili ndi mabedi a opsa ochuluka chotero. Ku Hiroshima ankapaka mabala mafuta ophikira ndi mankhwala ofiira aja a zilonda, ndipo m'masiku ochepa mabala anagwa mphutsi. Dokotala wa Red Cross, Marcel Junod, anafika ndi matani 15 a mankhwala mu Sepitembala, mwezi wathunthu utadutsa.

Cheza chija chimapha mwakachetechete. Chimawononga maselo amene amagawikana msanga: a m'mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi, a m'matumbo, ndi a mizu ya tsitsi. Muyeso wake ndi gray, ndipo magray 4 mpaka 5 amapha theka la anthu ngati palibe chithandizo. Wodwala amasanza m'maola oyamba, kenako amaoneka ngati wachira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, achibale n'kumathokoza. Nthawi yonseyo mafupa aleka kupanga magazi. Tsitsi limayamba kusosoka, pakhungu pamatuluka timadontho tofiirira, nkhama zimachucha magazi, thupi limatentha, ndipo kachilonda kakang'ono kamamupha chifukwa maselo oyera atha. Akasanza msanga kwambiri, mkati mwa ola limodzi, ndiye kuti walandira cheza chochuluka. Panagwanso mvula yakuda yonanda, yosakanikirana ndi mwaye ndi fumbi la bomba, ndipo anthu opsa, ludzu litawagwira pakhosi, anaimwa. Pofika kumapeto kwa 1945 ku Hiroshima kunali kutafa anthu pafupifupi 140,000 mwa 350,000, ku Nagasaki pafupifupi 74,000. La Nagasaki linali lamphamvu kuposa, koma linagwera m'chigwa cha Urakami ndipo mapiri anatchinga mbali ina ya mzinda. Ndegeyo inkapita ku Kokura, inapeza mitambo ndi utsi, n'kukhotera ku Nagasaki.

Za m'tsogolo mwake zinafufuzidwa kwambiri, chifukwa kuyambira 1950 anthu pafupifupi 120,000 akhala akutsatiridwa moyo wawo wonse. Khansa ya m'magazi inayamba kukwera patapita zaka ziwiri n'kufika pachimake patapita zaka 6 mpaka 8, makamaka mwa ana. Sadako Sasaki, amene anali ndi zaka ziwiri bomba likugwa, anamwalira nayo mu 1955 ali ndi zaka 12. Khansa za m'mawere, m'mapapo, m'mimba ndi m'chithokomiro zinabwera patapita zaka 10 kapena kuposa. Pa gulu la opulumuka pafupifupi 44,600 amene analandira cheza, panapezeka khansa 7,851 pakati pa 1958 ndi 1998, ndipo pafupifupi 850 mwa zimenezi ndi zimene zinabwera ndi bomba. Ana amene anali m'mimba pa masabata 8 mpaka 15 ena anabadwa ndi mitu yaing'ono ndi ubongo wosakhwima. Koma mwa ana amene mimba zawo zinatengedwa pambuyo pa bomba, ofufuza sanapeze kuti olumala achuluka. Ngakhale zinali choncho, opulumukawo, amene ku Japan amawatcha hibakusha, ankakanidwa ukwati ndi ntchito, moti ambiri anabisa mbiri yawo kwa ana awo omwe. Bungwe lawo, Nihon Hidankyo, linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2024.

Funso lanu lachitatu yankho lake lili pa mamita 600 aja. Moto wa bomba sunakhudze nthaka, choncho zinyalala zambiri za cheza zinakwera ndi mtambo n'kumwazika kutali. Zinthuzo zinalinso zochepa, makilogalamu 64, pamene mu ng'anjo ya magetsi a nyukiliya imene inaphulika ku Chernobyl munali mafuta a nyukiliya pafupifupi matani 190. Ndiponso fumbi la bomba limazirala msanga: nthawi ikachulukitsidwa ka 7, ukali umatsika ka 10. Poyerekeza ndi ukali wa pa ola loyamba, pakapita maola 7 watsala gawo limodzi mwa 10, pakapita masiku awiri gawo limodzi mwa 100, pakapita masabata awiri gawo limodzi mwa 1,000. N'chifukwa chake malangizo kwa amene ali kutali ndi pophulikira amati lowani m'nyumba ya makoma ochindikala, khalani momwemo tsiku limodzi kapena awiri, vulani zovala zakunja, sambani ndi sopo, imwani madzi ovundikira okha. Lero ku Hiroshima kuli anthu oposa miliyoni. Zaka masauzande munamvazo ndi za pulutoniyamu 239, amene amatenga zaka 24,000 kuti ukali wake utsike ndi theka.

Bomba likaphulikira pansi nkhani imasintha. Pa 1 Malichi 1954 America inayesa bomba la Castle Bravo pa zilumba za Bikini m'nyanja ya Pacific, lamphamvu kuwirikiza ka 1,000 la ku Hiroshima. Linapera miyala ya m'nyanja n'kuikweza kumwamba, ndipo pa chilumba cha Rongelap, makilomita oposa 100 kuchokera pamenepo, panagwa fumbi loyera ngati ufa, ana n'kumaseweretsa. Anawasamutsa patapita masiku awiri, ndipo ambiri mwa anawo anadzadwala chithokomiro. Asodzi 23 a ku Japan a m'boti la Daigo Fukuryu Maru anadwala onse, mmodzi anamwalira. Ayodini 131, chimodzi mwa zinthu za cheza za m'fumbi lotere chimene chimawononga chithokomiro, amagwera pa udzu, ng'ombe imadya, mwana amamwa mkaka. Siziyamu 137 ndi sitironshiyamu 90 amakhala m'nthaka, ndipo theka lake limatha pa zaka pafupifupi 30. Ngakhale Africa inalawako: France inaphulitsa bomba lake loyamba ku Reggane, m'chipululu cha Algeria, pa 13 Febuluwale 1960.

Chotsatira china cha Hiroshima ndi mpikisano. Soviet Union inaphulitsa lake mu 1949, Britain 1952, France 1960, China 1964, India 1974, Pakistan 1998, North Korea 2006, ndipo Israel sivomera kapena kukana. Mabomba onse anafika pafupifupi 70,000 mu 1986, lero alipo pafupifupi 12,000, ndipo 9 mwa 10 alionse ndi a Russia ndi America. Ambiri a masiku ano amaposa la ku Hiroshima kangapo, ena makumi angapo. Kwa ife akutali, choopsa chachikulu ndi utsi. Mizinda yambiri ikapsa nthawi imodzi, mwaye umakwera pamwamba pa mitambo pomwe mvula singautsuke, umatchinga dzuwa kwa zaka, kunja kumazizira ndipo mvula imachepa. Kafukufuku wa asayansi a pa Rutgers University amene anatuluka mu 2022 anawerengera kuti nkhondo yaikulu ya India ndi Pakistan ingaphe anthu oposa 2 biliyoni ndi njala, ya America ndi Russia oposa 5 biliyoni. Ndi ziwerengero za pa kompyuta, zingasinthe uku ndi uku, koma amene anagula feteleza mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba akudziwa kuti njovu zikamamenyana kutali udzu wa kuno umapondedwa ndithu.

Za Kayelekera musade nazo nkhawa mbali ya bomba. Chimene chimatuluka pa mgodi ngati umenewo ndi ufa wotchedwa yellowcake, ndipo mwa maatomu 1,000 a yureniyamu wachilengedwe, 7 okha ndi a mtundu wa 235. Magetsi a nyukiliya amafuna 3 mpaka 5 pa 100, bomba limafuna pafupifupi 90 pa 100, ndipo kuti mufike pamenepo pamafunika mafakitale a makina masauzande opeta maatomu. Ku Oak Ridge, fakitale yotere ya ku America, nthawi ya nkhondo anachita kubwereka matani oposa 13,000 a siliva ku nkhokwe ya boma kuti akulungire maginito a makinawo. Zoyenera kuyang'anira pa mgodi wa yureniyamu ndi fumbi, mpweya wa radon, ndi madamu a zinyalala kuti asasefukire m'mitsinje yopita ku nyanja. Komabe chigawo chathu chino chili m'nkhaniyi: yureniyamu wambiri wa Manhattan Project anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga m'dziko la Congo, kufupi ndi Likasi, kungodumpha malire kuchokera ku Copperbelt. Matani pafupifupi 1,200 a miyala yake anali atasungidwa kale ku New York kuyambira 1940. South Africa ya tsankho inapanga mabomba 6 n'kuwaphwasula yokha, F. W. de Klerk anaulula mu Malichi 1993, ndipo pangano la Pelindaba, loletsa zida za nyukiliya mu Africa, linasainidwa mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009.

M'kalasi, aphunzitsi, yesani izi. Tengani mapu a Zomba, ikani nsonga ya kampasi pa msika, jambulani bwalo la makilomita awiri mbali zonse. Ana awerenge masukulu, zipatala, matchalitchi, mizikiti ndi milatho imene yagwera mkati, alembenso mayina a madera amene iwo amagona. Kenako muwapatse anamwino 100 pa bolodi, afufute 93, ndipo 7 otsalawo awagawire odwala.